Mutu 7: Nyani wa Njereza

1. Munda wa kuphiri

Crimilda atabwerera kwawo ku Nsadzo kudzapuma feriya, tchuthi cha shikola, mpumulowo sanaupeze. Anapeza anthu onse a pakhomo ali ndi nkhope zomanga. Chimanga chinali chitakhwima koma chisanaume kuti n'kukolola, ndipo anyani a m'phiri anali atadziwa kale zimenezi.

Munda wa banja lawo unali womalizira, wogundana ndi phiri lenilenilo. Mizere ya kumtunda inali itatheratu. Nyani sadya ngati munthu wanjala. Amathyola chimanga, kuluma kawiri, kutaya pansi, n'kuthyola china. Munthu ukafika m'mawa umapeza thukuta lako lili mbwee m'mizere, nyerere zikumalizitsa.

Amene ankapsa mtima kuposa onse anali a Hezekiya, atsibweni ake a Crimilda, mlongo wa amayi ake. Iwo ndiwo anali mwini mbumba. Bambo ake a Crimilda anamwalira iye akadali wamng'ono, choncho mawu a Hezekiya ndiwo anamutumiza ku shikola ya sekundariya ku Chifunde. Thumba la ufa limene ankadya kumeneko linkachokera m'munda womwewu, ndipo a Hezekiya ndiwo ankalikweza pa njinga kukalisiya kumsewu.

"Wabwera bwino," anatero atamuona. "Mabuku ika uko. Mawa uli pa chilindo."

2. Pa chilindo

Chilindocho chinali nsanja yaitali yofolera udzu, yomangidwa m'mphepete mwa munda. Wolondera ankakhala pamwamba ndi chitini chakale ndi mulu wa miyala. Anyani akayamba kutsika, ntchito inali kuomba chitinicho ndi kukuwa mpaka mawu kusasa.

Crimilda ankalondera pamodzi ndi Dziko, mwana wa a Hezekiya. Awiriwa anali pachisuweni, ndiye kunyozana kunali chakudya chawo. Dziko analekezera shikola panjira, koma pakamwa pake panali pothwa.

"Mkazi wanga, a dotora," anatero tsiku lina masana. "Tauzeni, kumeneko amakuphunzitsani chiyani chimene chingathamangitse zigawenga zimenezi? Kapena mungoziyankhula Chipwitikizi kuti zithawe?"

"Mkazi wako ndani, ndi mapazi osweka ngati dambo la mu Okutobala amenewo?"

"Osweka chifukwa cholimira ufa wako."

Pa mwala waukulu pamwamba pa munda panakhala nyani wamkazi, akupesa mwana wake ubweya ndi zala. Crimilda anamuyang'ana kwa kanthawi.

"Ukudziwa kuti amene aja ndi ife tili pachibale?" anatero.

Dziko anaseka mpaka nsanja inagwedezeka. "Iwe mwina. Ndimaona ndithu kuti chipumi chimenechi sichachabe."

"Tamvera, mbuzi iwe. M'thupi la chamoyo chilichonse muli timalangizo tosaoneka ndi maso. Ndi timene timalamula kuti diso likhale diso, magazi akhale magazi. Amati majene. Mwana amawatenga kwa omubala. A pulofesola Adelaide, amene amatiphunzitsa Biyolojiya, akuti ukaika a munthu ndi a nyani pamodzi, pa khumi alionse oposa asanu ndi anayi ndi ofanana."

"Ndiye kuti agogo ako anali nyani."

"Agogo anga ndi agogo akonso, chitsiru. Ndipo sindinatero. Iwe unandibala ine?"

"Mulungu andithandize, ayi."

"Ine ndinakubala iwe?"

"Bwenzi nditathawa."

"Koma timafanana makutu, chifukwa agogo athu ndi amodzi. N'chimodzimodzi. Munthu sanabadwe kwa nyani, nyani sanabadwe kwa munthu. Kalekale kwambiri, dziko lisanakhale mmene lilili, kunali chamoyo china chimene sichinali munthu, sichinalinso nyani. Ana ake anagawikana njira. Ngakhale mbewa ndi nkhuku tili nazo zina zofanana. Chimanga ichinso, kungoti chibale chake n'chakutali zedi."

"Amayo!" Dziko anagwira pamutu. "Ndiye takhala tikukazinga abale athu chaka ndi chaka! Dikira ndikauze bambo."

"Ukangoyerekeza ndikugwetsa pansanja pano."

Onse anaseka, ndipo Crimilda anaiwala za nkhaniyo.

3. Msampha wagwira

Kumapeto kwa feriya, msampha wa a Hezekiya unagwira. Unali khola la mitengo yolimba lokhala ndi chitseko chogwa, ndipo m'kati ankaikamo dzungu. Anyani ndi ochenjera, ankangolizungulira osalowa. Koma m'mawa umenewo chitseko chinapezeka chitagwa.

Anthu a minda yoyandikana anabwera kudzaona. Amayi ake a Crimilda, a Celestina, anafikanso atasenza ndowa ya madzi. A Hezekiya anali atanyamula kathumba ka njereza, ija yopaka nyumba kuti iyere.

Kumeneko nyani akagwidwa wamoyo samuphera pomwepo. Amamupaka njereza thupi lonse mpaka ayere mbee, kenako n'kumutaya. Iye amathamangira kwa anzake. Anzakewo akaona chinthu choyera chikubwera, amathawa. Iye amawatsatira, iwo amathawabe, mpaka gulu lonse litawoloka mapiri. Munda umapuma mpaka kukolola. Za woyerayo palibe amene amafunsa, koma aliyense amadziwa kuti sakhalitsa. Nyani wopanda gulu ndi ndiwo ya kambuku.

"Crimilda, sungunula njereza," anatero a Hezekiya.

Crimilda anathira njereza m'ndowa n'kuyamba kutakasa. Ali chiweramire, anayang'ana m'kholamo. Anali nyani wamkazi wosakula kwenikweni. Sankalira. Anagwira mtengo wa khola ndi dzanja limodzi, ndipo dzanjalo linali pafupi ndi nkhope ya Crimilda. Linali ndi zala zisanu, zikhadabo zathyathyathya, ndi mizere ya m'chikhatho ngati ya munthu wolima.

Ndodo yotakasira inaima.

"Mulandeni ndowayo, bambo," anatero Dziko mokweza kuti onse amve. "Sangathe. Ndi msuweni wake ameneyo."

Anthu anaseka. A Hezekiya sanaseke.

"Wati bwanji?"

"Amatero yekha. Akuti ku Chifunde anawaphunzitsa kuti agogo athu anali anyani."

"Bodza!" Crimilda anaimirira. "Sindinanene choncho. Ndinati anthu ndi anyani anachokera ku kholo limodzi lakalekale, ndipo umboni wake uli m'thupi mwathu."

"Ndipo iwe ukuvomereza zimenezo?" anafunsa a Hezekiya.

"Ndi zoona, atsibweni."

"Ndi zoona chifukwa wanena ndi mphunzitsi?"

Anthu anali akusekabe chapansipansi. Crimilda akanatha kukhala chete. M'malo mwake anayankha ali chiimire, maso ali pa atsibweni ake.

"Ndi zoona chifukwa anthu anaziyeza. Munthu sangatsutse chinthu chimene sanachiphunzire."

Kuseka konse kunatha. Mayi wina wa munda woyandikana anagwira pakamwa.

4. Mawu a a Hezekiya

A Hezekiya anaika kathumba ka njereza pansi pang'onopang'ono.

"Khala pansi," anatero. "Mwana sayankhula nane ataimirira."

Crimilda anakhala.

"Sindinaphunzire, wanena zoona. Pamene anzanga ankalowa shikola, ine ndinali m'tchire, amayi ako ali kumsana kwanga, tikuthawa nkhondo kupita ku Zambia. Amene anatitsogolera anali agogo ako aakazi, a Genoveva. Anayenda ndi phazi lotupa, osadandaula, mpaka tinawoloka. Titabwerera, munda uwu unali nkhalango. Anaugwetsa ndi nkhwangwa yobwereka. Ali m'manda umo, kuseri kwa mtsinje. Amayi awo ndimawadziwa dzina. Agogo awonso ndimawadziwa dzina. Mvula ikavuta ndimapita kukawathirira ufa, ndimawatchula mmodzimmodzi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi mchira.

"Lero iwe, wodya ufa wa m'munda wawo, ukuima pamaso pa anthu n'kuwaika pa mzere umodzi ndi mbava iyi? Ukudziwa chimene chinthu ichi chimachita? Chaka chimene unabadwa, anyani anatha munda uno. Amayi ako ankakuyamwitsa atadya mango owiritsa. Mkaka unauma. Ndinayenda pansi mpaka kumalire ku Cassacatiza kukasenza katundu wa anthu kuti ndipeze gaga. Nthawi imeneyo msuweni wakoyu anali kuti? Anabwera kudzakuona? Anakubweretsera kanthu?

"Ndikuchenjeze, mwana wa mlongo wanga. Shikola ndinakutumiza ndine. Ndinkafuna kuti udzatiwerengere za kuchipatala, udzatiyankhulire kuboma, kuti asamatinamize. Sindinakutumize kuti ukatenge mawu odzatichepetsa nawo. Maphunziro amene amachititsa mwana kuona atsibweni ake ngati chitsa, ine sindingawalimire. Ndaona ana a anthu atapita ku Tete, n'kubwera ndi nsapato zonyezimira, maliro a amayi awo kukhala pampando ngati alendo. Zimayamba chonchi. Zimayamba ndi kuyankha utaimirira."

A Celestina nawonso anali atakwiya. Iwo ankapemphera ku Ziyoni, ndipo ankakangana ndi mlongo wawoyo chaka chilichonse pa nkhani yothira nsembe. Tsiku limenelo anaima mbali imodzi.

"Wandichititsa manyazi, Crimilda," anatero. "Mulungu anaumba munthu ndi manja ake, namuuzira mpweya. Iwe ukuti chiyani? Lamlungu ndikalowa bwanji m'tchalitchi? Azimayi onse adzati, uyo amake nyani wafika."

"Amayi, a pulofesola nawonso amapemphera. Iwo akuti..."

"Tseka pakamwa! Sunakhute?"

A Hezekiya anatola ndodo imene kunsonga kwake anamangako chisanza. Anaiviika m'ndowa n'kuipereka kwa Crimilda.

"Nkhaniyi ithera pompano. Umupake ndiwe, ndi dzanja lako. Ukatha unene pamaso pa anthu awa kuti ichi ndi chilombo, ulibe nacho chibale. Ukatero, Lolemba ubwerera ku Chifunde ndi ufa wako. Ukakana, shikola yathera pano."

5. Chitseko

Crimilda analandira ndodoyo. Njereza inkadontha pa zala zake za kumapazi.

Ku Chifunde kunali mapulova, mayeso a pakati pa chaka, akumudikira. Mu kalasi mwawo munalibe amene ankamuposa pa Biyolojiya, ndipo a pulofesola Adelaide anali atamuuza kuti akalimbikira angathe kudzaphunzira za unamwino. Zonsezo zinali kunsonga kwa ndodo imeneyi.

Anayandikira khola. Nyaniyo ataona ndodo, anakhala pansi n'kuphimba mutu ndi manja onse awiri.

"Yambira kumaso, akongole," anatero Dziko. "Paja mawa kuli ukwati kwanu."

"Mupakenso mafuta onunkhira!" anakuwa mnyamata wina, anthu n'kuyambanso kuseka.

Panali njira zingapo zimene mwana wodekha akanatsata. Akanagwada n'kupepesa chifukwa cha mawu ake achipongwe, popeza analidi achipongwe. Akanapempha kuti nkhani ya majene akaikambe kunyumba, anthu atabalalika. Akanauza atsibweni ake kuti kudziwa kumene thupi linachokera sikufafaniza dzina la a Genoveva. Koma Crimilda sanaone njira ina iliyonse. Ankangomva kuseka.

"Sindinena bodza kuti musangalale!" anakuwa.

Anaponya ndodo pansi. Anakankha ndowa ndi phazi, njereza yonse n'kutayikira m'mizere. Kenako anagwira chingwe cha chitseko ndi manja awiri n'kukoka.

Nyaniyo anatuluka ngati mwala wa legeni. Anadutsa pakati pa miyendo ya Dziko, amene anagwa chagada m'matope a njereza, ndipo anthu asanatole miyala anali atafika kale pamwamba pa thanthwe. Kuphiri kunamveka phokoso la gulu lonse likumulandira.

Palibe amene anaseka Dziko, ngakhale anali atayera msana wonse.

A Hezekiya anayang'ana khola lopanda kanthu kwa nthawi yaitali. Atayankhula, mawu awo anali otsika, ndipo zimenezo zinaopsa kuposa kukalipa.

"Nyani amene walowa mumsampha n'kutulukamo salowanso. Anzakenso salowa. Khola ili tsopano ndi nkhuni. Minda yonse ya kuno inali kudalira nyani ameneyu." Anatembenukira kwa anthu a minda yoyandikana. "Pepani, abale anga. Mlandu ndi wa pakhomo panga."

Kenako anayang'ana Crimilda.

"Wasankha. Ukhala pa chilindo wekha, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kufikira chimanga chomaliza chitalowa m'nkhokwe. Dziko sabweranso kuno. Chimene chidzadyedwe, wadyetsa ndiwe. Za ku Chifunde iwala."

6. Wekha

Masiku otsatira anali aatali. Anyani ankatsika m'mawa ndi madzulo, ndipo tsopano ankadutsa pafupi ndi khola lija osaliyang'ana n'komwe. Crimilda ankaomba chitini mpaka m'manja munatuluka matuza. Akathamangira kumtunda, iwo ankalowera kumunsi. Munda wa mayi woyandikana nawo unadyedwa mbali yonse ya kuphiri, ndipo mayiyo anasiya kumuyankha moni.

Mtima wake unali ukadali wowawa. Ankakwiyira Dziko chifukwa cha pakamwa pake. Ankakwiyira atsibweni ake chifukwa chofuna kumunenetsa zimene sankakhulupirira. Anyaniwonso ankawakwiyira, ndipo miyala ankaiponya ndi mtima wonse. Chibale chimene anaphunzira chinali choona, koma a pulofesola Adelaide sananenepo kuti chifukwa cha chibalecho anthu agone ndi njala.

Tsiku lina Dziko anadutsa m'njira ya m'munsi ndi khasu paphewa.

"Alamu anga ali bwanji kuphiriko?" anafunsa, koma mawu ake analibe mphamvu.

"Pita uko. Unandigulitsa."

"Ine ndimangoseka, Crimilda. Sindimadziwa kuti bambo afika pamenepo."

"Sekabe. Iwe shikola unaisiya wekha, ndiye unafuna tifanane."

Dziko anakonza khasu paphewa. Anapitiriza ulendo wake.

7. Lolemba

Lolemba m'mawa, tsiku lotsegulira shikola, Crimilda anakwera pa chilindo mame asanaume. Sipanapite nthawi, anaona amayi ake akubwera m'mizere atasenza kanthu kokutidwa ndi nsalu. Chitayikireni njereza, awiriwa anali asanayankhulane mawu oposa a madzi ndi nkhuni.

A Celestina anatula katunduyo patsinde pa nsanja n'kuvundukula. Chinali chikwama cha Crimilda cha ku shikola, ndi kathumba ka ufa pambali pake.

"Usanditsegulire mano," anatero osayang'ana n'komwe kumwamba. "Zimene unanena zija sindikuzivomera, ndipo sindidzazivomera. Unanyoza atsibweni ako pagulu. Munthu amene anakusenzera gaga kuchokera kumalire! Tsiku lina udzagwada pamaso pawo, ndipo ine ndidzakhalapo kuti ndione."

"Nanga chikwamachi, amayi?"

"Ndati usandifunse. Sindinakubale kuti ukalambire pa nsanja ukukuwa ngati khwangwala. Jester, mwana wa a Bento, ali kumsewu ndi mota yake, njinga yamoto ija. Akupita ku Chifunde kukatenga mankhwala a bambo ake. Ndamuuza kuti aimbe belu. Ukapanda kufika, apita, ndipo ine sindidzapemphanso munthu wina."

Crimilda anatsika makwerero awiri n'kuima.

"Ndiye munda atsala nawo ndani? Mukhala ndinu?"

"Ine atsibweni ako akundidikira kudimba. Ndikachedwa adziwa, ndipo akakupeza usanafike kumsewu. Munda ukhala wopanda munthu mpaka masana." A Celestina anamanga nsalu yawo m'chiuno mwamphamvu. "Chimanga ichi ndi chimene tidye ine ndi ang'ono ako chaka chino. Ndakuuza zonse kuti usadzati sunadziwe. Wakula, paja umadziwa kuyankha."

Anatembenuka n'kulowa m'chimanga, osacheuka.

Crimilda anatsala pa makwerero, chitini chili m'dzanja. Kumsewu, kuseri kwa mitengo ya masuku, belu la mota linalira kawiri.

Ndipo pamwamba pa thanthwe, chinyani chachimuna chotsogolera gulu chinaimirira, chinayang'ana chilindo, n'kuyamba kutsika. Ena onse anali pambuyo pake.